Kupepesa kwa Matiyasi wa ku Kapata

Matiyasi Tembo, wokonza njinga wa ku Kapata, anali ndi chizolowezi chimodzi chimene sanachiphonyepo. Tsiku limene walalatira munthu, ankatseka kashedi kake dzuwa likadalipo, n'kuyenda wapansi mpaka pakhomo pa munthuyo. Akafika ankavula chipewa, n'kunjuta pafupi ndi chitseko, n'kunena kuti, "Ndabwera. Ndine ndalakwa." Zoti nanunso munayamba sankazitchula. Akamuyankha ankadzuka. Akapanda kumuyankha ankakhala pomwepo mpaka miyendo kuchita dzanzi.

Chovuta chinali chakuti ulendowu ankauyenda pafupipafupi. M'Kapata munali makomo ochepa amene anali asanaonepo dazi lake.

Zinayamba mu 1992. Masiku amenewo Matiyasi anali wa dzanja lofulumira, moti anali atathyolapo munthu nsagwada ndi sipanala chifukwa cha pampu. Pa Pasaka ya chaka chimenecho, ku tchalitchi cha kwawo ku Chiparamba, mlaliki ananena kuti mphamvu imene inadzutsa Yesu sinathere kumanda konko, koma imalowa mwa munthu wamoyo n'kumagwira ntchito mpaka tchimo litasowa pogwira. Matiyasi anatuluka m'tchalitchimo akulira. Dzanja linaleka tsiku lomwelo, ndipo sanamenyenso munthu. Iye ankayesa kuti lilime litsatira sabata yamawa. Zinadutsa zaka makumi atatu, lilime lili chikhalire.

Anthu anazolowera. Ena mwa amuna onyamula makala pa njinga anatulukira nayo nzeru: ukamuputa m'mawa, madzulo abwera kudzapepesa, ndipo mawa lake akumatira chubu kwaulere chifukwa cha manyazi. Matiyasi ankadziwa, koma ankapitabe.

Amene sanazolowere anali mkazi wake, Lena. Tsiku lina mu Febuluwale amayi a chigwirizano anabwera kudzapempherera kunyumba kwawo. Lena anatenga beseni limene mwamuna wake ankamizamo machubu pofufuza pobowoka, analitsuka bwinobwino, n'kuikamo makapu. Matiyasi atalifuna kushedi osalipeza, anathamangira kunyumba. Analipeza pakati pa amayi khumi ndi awiri ovala yunifolomu, ndipo pomwepo anatchula mkazi wake kuti chitsiru chobadwa chopanda mutu. Madzulo anavula chipewa n'kunjuta pakhomo pa nyumba yake yomwe. Lena anamulambalala chikwama chili pamutu, n'kukakwera galimoto ya ku Mwami, kumene mwana wawo Hazel ankagulitsa chakudya kwa oyendetsa mathiraki.

Nkhani inagwera Enoch Sakala, mchimwene wake wa Lena, amene analinso nkhoswe ya banjalo. Enoch anali kalaliki wa pasukulu wopuma ntchito, wokhala ku Chiparamba, munthu wokonda kuti zinthu zikhale ndi poyambira ndi pothera. Milandu ya awiriwa anali ataikamba kambirimbiri ndipo inali itamukwana. Anapita ku Mwami n'kumupeza mlongo wakeyo akusenda mbatata kuseri kwa kantini.

"Akuti apepese," anatero Enoch.

"Achimwene, kupepesa kwa bambo aja ndakhuta nako. Mutu wawo ndimaudziwa pamwamba kuposa pankhope."

"Nanga ufuna chiyani?"

"Ndifuna kuona chipewa chili pamutu. Kuchokera lero mpaka pa Pasaka asanjute pakhomo pa munthu aliyense. Asakhale ndi chopepesera. Akatha, ndibwera ndekha Lamulungu lakuukalo, sadzachita kunditenga. Ndipo inu ndinu mukhale maso anga. Osandinamiza."

Anali masabata asanu. Enoch anasiya munda wake wa mtedza m'manja mwa mkazi wake, nakakhala ku Kapata. M'mawa uliwonse ankatsagana ndi mlamu wake kushedi, n'kukhala pa benchi ya thabwa limodzi, ndodo ili pakati pa miyendo. Sankalankhula zambiri. Ntchito yake inali kuyang'ana.

Nkhani ya panganolo inamveka msanga. Pofika sabata yachiwiri anthu ankaima dala pashedipo, ena opanda n'komwe njinga.

"A Tembo, akuti akumangani pakamwa?"

"Amdala, tatukwanani pang'ono, akalalikiwa akuwodzera."

Matiyasi ankaluma sipoko, kawaya ka gudumu la njinga. Ankaiika pakamwa chopingasa ngati galu wanyamula fupa, n'kumagwira ntchito mitsempha ya m'khosi itatupa. Tsiku lina anailuma mpaka kuipinda. Enoch ankaona zonsezi ndipo sizinkamusangalatsa. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, wobatizidwa, wosaphonya mgonero, n'kumachita kudzitseka pakamwa ndi waya.

Masana ena, pashedi patachepa anthu, Enoch anamufunsa.

"Alamu, tandiuzani. Mphamvu ija mumaikamba, inagubuduza mwala pamanda. Ikulephera bwanji kanyama kakang'ono kali m'kamwa mwanumo?"

Matiyasi anali atazondotsa njinga, akuzungulitsa gudumu n'kumayang'ana pamene limu, chitsulo chozungulira cha gudumulo, likukhudza mabuleki. Anamanga sipoko imodzi, n'kumasula ina ya mbali inayo.

"Sikulephera," anatero. "Ndine wopindika kwambiri."

"Zaka makumi atatu."

"Limu ukalikoka kamodzi limathyoka, alamu. Dzanja linachoka. Mowa unachoka. Chatsala n'chimenechi."

"Mlongo wanga sadikira zaka zina makumi atatu."

Matiyasi anazungulitsanso gudumu lija. Linali likukhudzabe.

Komabe masiku ankapita. Sabata yachitatu mayi wina anabweza njinga katatu akuti mabuleki akulira, ndipo katatu konse Matiyasi anaikonza osatulutsa mawu. Sabata yachinayi sipoko ija anaisiya. Enoch, amene anabwera akudziwa kale kuti zilephereka, anayamba kuwerengera masiku ndi mtima wina. Lachisanu Loyera anaimbira foni Hazel kuti amayi ake ayambe kulongedza. Anatumanso munthu kukagula nkhuku.

Loweruka, kutatsala tsiku limodzi, kunabwera Alfonsi Zulu. Anali bambo wamkulu ndithu, wonyamula makala kuchokera kumidzi, mmodzi mwa aja anazolowera kumatitsa chubu kwaulere. Dzulo lake anali atasiya gudumu lakumbuyo lopindika ngati mbale, ndipo Matiyasi anathera nalo m'mawa wonse. Alfonsi analinyamula, n'kuliyang'ana uku ndi uku, n'kukweza mawu kuti amsika amve.

"Masipoko anga anali atsopano. Awa ndi a dzimbiri. Mwasintha."

"Ndi omwewo," anatero Matiyasi.

"Ndiye kuti ndine wabodza? Akhristu inu mumaba mukuimba nyimbo." Anthu anayamba kusonkhana. Alfonsi anaona kuti akumumvera, ndipo anapitiriza. "N'chifukwa chake mayi aja anathawa. Ku Mwami kuli madalaivala a manja oyera, osati a girisi. Mukuyesa abwerera kudzanunkhiza mafutawa?"

Ena anaseka, ena anati aa, mwaonjeza. Enoch anagwira ndodo yake zolimba. Anaona khosi la mlamu wake likutupa, dzanja lamanja likutsegula n'kutseka pamwamba pa bokosi la zipangizo. Anawerenga mumtima mpaka makumi awiri. Matiyasi anatenga kansanza, n'kupukuta gudumu lija sipoko imodzi imodzi kuti dzimbiri lioneke kuti linali dothi chabe, kenako analipereka ndi manja awiri.

"Yendani bwino, a Zulu."

Alfonsi anaima pang'ono ngati munthu amene wakankha chitseko chosakhoma. Kenako anakoleka gudumu paphewa n'kumapita. Anthu anabalalika mokhumudwa.

Enoch anapuma mpweya wautali. Kwa nthawi yoyamba m'masabata asanu anamwetulira.

"Basi, alamu. Mwatha. Mawa tikamulandire."

Matiyasi sanamwetulire. Anakonza njinga zina ziwiri ali duu. Dzuwa litapendeka anayamba kulowetsa zipangizo m'bokosi, ngakhale panali patatsala ntchito. Anakhoma kashedi, n'kupukuta manja, n'kulunjika njira ya kumunsi, yosiyana ndi ya kunyumba.

Enoch anamuthamangira ndi ndodo yake.

"Mukupita kuti?"

"Kwa a Zulu."

"Kukatani?"

"Kukapepesa."

"Kupepesa chiyani? Ndinali pomwepo. Simunanene kanthu."

"Ndinanena. Ndinatukwana iwo, mayi awo, ndi ana awo. Ndinawafunira kuti thiraki iwagunde pa msewu wa ku Mwami. Ndinaona ndi pamene agwere."

"Mumtima."

"Eya."

"Za mumtima amamva ndani? Alfonsi sanamve. Ine sindinamve. Lena sanamve."

"Ine ndinamva."

Enoch anaima pakati pa njira n'kumutchingira. Mawu ake anali ndi ukali umene iye mwini sankaudziwa kuti ali nawo.

"Tamverani, alamu. Ndasiya mtedza wanga ukuwolera m'munda. Ndakhala pa thabwa lija mpaka msana kuuma. Pangano likuti musanjute pakhomo pa munthu. Mukanjuta, Kapata yense aona, ndipo ine sindinganame. Dikirani Lolemba. Mkazi alowe m'nyumba kaye, kenako mukapepese ngakhale kwa mbuzi zake."

"Dzuwa lilowa lero, alamu, osati Lolemba."

"Ndiye musankha Alfonsi kusiya mkazi wanu?"

Matiyasi anayang'ana dzuwa.

"Kale zotere sindinkazimva n'komwe," anatero. "Ndinkamva zokhazo zatuluka pakamwa. Lero zandipweteka zisanatuluke. Ngati ndi Yesu wafika pamenepo, ndingamuuze bwanji kuti adikire Lolemba?"

Anamulambalala n'kupitiriza ulendo. Enoch anatsatira m'mbuyo akung'ung'udza, chifukwa ntchito yake inali kuona.

Kwa Alfonsi kunali kanyumba ka zidina zosapsa, matumba a makala ataunjikidwa pakhonde. Mwini wake anali panja akubwezera gudumu lija pa njinga. Matiyasi anavula chipewa, n'kunjuta pafupi ndi chitseko.

"Ndabwera. Ndine ndalakwa."

Alfonsi anayang'ana Matiyasi, n'kuyang'ana Enoch, n'kuyang'ananso Matiyasi.

"Mwalakwa chiyani, a Tembo? Kodi mukundiseka?"

Amayi a nyumba zoyandikana anali atatuluka kale. Enoch anaona wina akutulutsa foni m'chitenje, ndipo anadziwa kuti nkhani ifika ku Mwami iye asanatsegule pakamwa. Anapatuka n'kuima pansi pa mtengo wa mango, n'kuimbira mlongo wake.

"Wanjuta," anatero. "Kwa Alfonsi wa makala."

Ku Mwami kunamveka thiraki ikulira, kenako mawu a Lena, otopa.

"Ndinadziwa. Amutukwana chiyani?"

"Sanamutukwane. Alfonsi ndiye anamunyoza pa anthu, mpaka kutchula iwe. Iye anangoti yendani bwino."

"Nanga akupepesa chiyani?"

"Zimene sananene."



"Achimwene, bambo amenewa andipengetsa," anatero Lena. "Ndinapempha chinthu chimodzi. Masabata asanu okha. Ndauza kale anthu kuno kuti ndikupita." Anapumira m'mwamba. "Mawa sindibwera. Ndikabwera mawa, ndiye kuti mawu anga alibe ntchito. Muwauze kuti ndimva ndekha tsiku lake. Ndipo asabwere kuno ndi chipewa m'manja."

"Ndiwauze kuti udzabwera?"

"Muwauze zimene ndanena."

Foni inaduka. Enoch anaibweza m'thumba. Anaganiza zokwera galimoto yoyamba ya ku Chiparamba mawa lake akatuluka m'tchalitchi, ndipo anaterodi. Ku Kapata sanakakhalenso, choncho aka kanali komaliza kumuona mlamu wake akuchita zimenezi.

Alfonsi anali ataimirira, sipanala ili m'manja, akukanda m'mutu.

"Dzukani, a Tembo. Anthu akuona. Ine ndi amene ndinalankhula zopusa."

"Zanu mukudziwa ndinu," anatero Matiyasi. "Ine ndabwerera zanga."

"Koma sindinamve kanthu."

"N'chifukwa chake ndabwera kudzakuuzani."

Alfonsi anayang'ana kwa Enoch ngati wopempha thandizo. Enoch anayang'ana kumbali. Dzuwa linali litatsala pang'ono kukhudza phiri, ndipo Matiyasi anali chinjutire pa fumbi la makala, chipewa chili pa bondo, akudikira kuti amuyankhe.