Masupuni Khumi a Mchere

Ndikukumbukira tsiku limene ndinatsala pang'ono kuchotsedwa sukulu chifukwa cha mchere. Ndinali Sitandade 8 pasukulu ina kufupi ndi Nsanama, nthawi ya chipani chimodzi. Kunja kunkatentha, malata akulira, mango ali aawisi m'mitengo.

Aphunzitsi athu, a Matola, anatigawa m'magulu anayi pa phunziro la sayansi. Gulu lililonse linalandira madzi theka la kapu, supuni ya tiyi ndi kambale ka mchere. Ntchito inali kuthira supuni imodziimodzi, kutakasa ndi kuwerenga, mpaka mchere utakana kusungunuka. M'gulu lathu ine ndinkatapa mchere n'kupereka supuni kwa Yusufu, mnzanga wa pabenchi. Iye ndiye ankathira ndi kuwerenga.

Mayankho analembedwa pabolodi: 5, 4, 5. Lathu linali 10.

A Matola anaika choko pansi. Ankadziwa bwino kuti nyengo ya mango aawisi mnyamata aliyense amafuna kamchere m'thumba.

"Asanu alowa m'kapu. Asanu enawo alowa kuti?"

Masiku amenewo mwana sankayankha wamkulu. Ngakhale akuluakuluwo ankayamba ayang'ana kumbuyo asanalankhule.

"Wakuba salemba mayeso pasukulu pano," anatero.

Mayeso anali pafupi. Komanso bambo anga ankagulitsa mchere pamsika wa Nsanama. Mbiri yoti mwana wawo waba mchere ikanafika pamsikapo ine ndisanafike kunyumba.

Anatipisa m'matumba. Mwa ine munalibe kanthu. Mwa Yusufu munatuluka bango laliwisi lolumidwa mbali imodzi. A Matola anapukuta chala m'thumbamo n'kulawa.

"Mchere uwu!"

"Iyayi aphunzitsi, ndi thukuta," anatero Yusufu.

Kalasi inafuna kuseka, koma inameza. Ine sindinaseke. Ndinamuyang'ana Yusufu, iye akuyang'ana kudenga.

A Matola sanali munthu wothamangira. Anatunga madzi ena, nati nditape ndi kuthira ndekha, iwo ataima pambali panga. Nditatapa supuni yoyamba anandigwira dzanja.

"Chala chachikuluchi chikutani?"

"Ndikusalaza, aphunzitsi. Bambo amatero."

Kwathu supuni yodzaza ngati chulu inali kutaya katundu. Ndinaphunzira kusalaza ndisanaphunzire kulemba. Anzanga a magulu ena anali ana a alimi, ankatapa ngati amayi awo pothira m'ndiwo. Supuni inali yofanana, koma manja anali osiyana.

Tinayambiranso tonse, aliyense akusalaza ndi rula. Mayankho anatuluka 8, 7, 9, ndipo langa 8. Ena anayamba kukangana kuti lolondola ndi liti. A Matola anati palibe gulu lanama. Madzi sangathiridwe ofanana ndendende, ndipo diso la wina limaona kuti mchere wakana pamene la mnzake likuti udikire. Anatiphatikizitsa manambala onse, 32, n'kugawa ndi magulu anayi. Anati imeneyo ndiyo avereji. Pabolodi analemba 8, pambali pake nalemba kuti ikhoza kukwera kapena kutsika ndi supuni imodzi.

Kenaka anatembenuka.

"Malire ndi 9. Inu munapeza 10."

Anamuyang'ana Yusufu nthawi yaitali. Pomaliza anati supuni imodzi siyokwanira kuchotsera mwana sukulu. Mayeso tinalemba tonse awiri.

Yusufu ndi nkhalamba tsopano, ali ndi golosale ku Nselema. Ndinamufunsapo kamodzi za mchere uja. Anaseka mpaka kutsokomola. Ndikagula shuga kwa iye ndimaima pafupi ndi sikelo.

Lero mdzukulu wanga ali kusekondale. Akuti kumeneko ali ndi sikelo yamagetsi, avereji amaipeza pafoni. Amayesa kamodzi, makina akanena, iye n'kukhulupirira. Nambala yake imakhala ndi mchira wautali kuposa nzeru zake. Akandionetsa, ndimamuuza kuti apite akayesenso.