Makina a Manja Atatu

Tinanyamuka ku Kawale dzuwa lisanatenthe, anthu atatu: ine, amuna anga bambo a Lusiya, ndi amalume awo, a Chimbalanga, amene anafika dzulo lake kuchokera ku Dedza atavala jekete lobwereka. Zinali zaka zija boma linkasamuka ku Zomba, Lilongwe yense ali fumbi ndi njerwa. Bambo a Lusiya anali kalipentala pa nyumba za boma zimene zinkamangidwa, mpaka tsiku limene chitsulo chinawaphwanya dzanja lamanja, achipatala n'kulidula. Tsopano kampani yomanga ija inatiitana kukalandira chipukuta misozi.

Miyezi isanu ndikuwasambitsa ndi kuwamanga mabatani, amalume osaoneka. Ndalama itangomveka, ndi awa pakhomo.

Pa depoti tinalipira matambala asanu aliyense, ndipo wolipira ndinali ine, ndi ndalama ya zitumbuwa zanga. Basi isanawoloke n'komwe mlatho, amalume anayamba.

"Apongozi, musakhumudwe. Dzanja lija linabadwa kwa mlongo wanga, ndi la mbumba yathu. Inu munangolipeza."

Mayi wina wa dengu la matimati anatembenuka. "Nanga pochapa mabandeji mbumbayo inali kuti, bambo?"

Basi yonse inaseka. Ine sindinaseke, ndinali ndi mantha. Ndalamayo ikapita ku Dedza, lendi itithamangitsa mutauni. Amuna anga anaika mkono wodukawo m'thumba.

Ana a lero sakhulupirira ndikawauza kuti pakati pa Old Town ndi City Centre panali thengo lokhalokha. Tara watsopano ankanunkha, anyani atakhala m'mbali mwa msewu cha ku Lingadzi. Ku City Centre timitengo tinali tongowokedwa kumene, popanda ndi pobisala dzuwa pomwe. Tinadikira pakhonde la ofesi mpaka cha m'ma 11 koloko.

Kalaliki anali bambo wa kumpoto, wa tayi yopyapyala. Amalume anayamba kulongosola za mbumba, inenso ndinayamba za miyezi isanu ija. Iye anangokweza cholembera.

"Wavulala ndani pano? Inu amalume? Inu amama? Ndalama iyi ndi ya mwini dzanja. Chochita nayo akudziwa yekha."

Amalume anagwa nkhope. Kunena zoona, nanenso ndinagwa, chifukwa ndinkayesa kuti dzina la mkazi lili penapake papepalapo. Bambo a Lusiya anadinda ndi chala chamanzere, envulopu ya ndalamayo n'kuiika m'malaya.

Tinakwera basi yobwerera. Titatsika ku Area 2 tinamwa tiyi ndi sikono, ine osamva kukoma. Kenako amuna anga analowa m'sitolo ya mwenye wina, ife pambuyo. Anagula bulangeti la amayi awo, n'kulipereka kwa amalume pamodzi ndi ya basi ya ku Dedza. Kenako analoza makina osokera akuda, opukusa ndi dzanja.

"Mphwanga, usoka bwanji ndi dzanja limodzi?" anafunsa amalume.

"Makina awa amafuna manja atatu, amalume. Limodzi lopukusa, awiri ogwira nsalu. Kunyumba kwathu alipo ndendende."

Atatero anatembenukira kwa ine. "Mayi a Lusiya, tasenzani katundu wanu."

Ndinapinda nkhata, n'kusenza. Anali olemera, khosi likulira njira yonse ya ku Kawale, koma sindinatule ngakhale kamodzi.

Tinasoka mayunifolomu a sukulu pakhonde pathu zaka zambiri, iwo atakhala kumanja kwanga akupukusa, akumandinena kuti ndine wozengereza. Za mwini ndalama ija sitinakambiranenso. Bambo a Lusiya anatisiya kale, ndipo ndimawasowa. Makinawo akugwirabe ntchito, ndimapukusa ndekha. Kungoti msoko wake umakhota.