Tsiku Limene Bambo Sanacheuke

Ndinaganiza zopita ku Joni nditatopa ndi kukhoma zidebe ku Ndirande. Bambo akhala akukhoma malata moyo wawo wonse, ndipo ankafuna shedi yawo idzatsale m'manja mwanga. Tinakangana sabata yathunthu. M'mawa wonyamuka ndinaima kumbuyo kwawo, chikwama kumsana, n'kunena kuti, "Bambo, ndapita." Ndinabwereza kawiri. Hamala inkangolira, iwo osacheuka n'komwe. Ndinachoka mtima ukuwawa, ndipo zaka zisanu ndi chimodzi sindinawaimbire foni. Ndalama ndi mauthenga zinkapita kwa mayi okha.

Ku Joni ndinkadula zitsulo ndi girayinda. Zotseka m'makutu ankatipatsa, koma ine wochenjerane ndinkazisunga m'thumba. Khutu lakumanzere linkatuluka mafinya kuyambira ndili mwana, ndiye ndinali nditalizolowera. Pang'ono ndi pang'ono mawu a mayi pafoni anayamba kumveka patali, ine n'kumangoti "eya, eya" ngakhale pa uthenga wa maliro. Ndinasungulumwa koopsa. Anzanga ankaseka, ine n'kumaseka nawo osadziwa chaseketsa. Bwana atatopa n'kundiitana osayankhidwa, ntchito inatha.

Nditabwerera ndinafikira kwa mlongo wanga ku Bangwe, kuzemba bambo. Iyeyo ndiye anandikokera kuchipatala. Mayi wopima makutu anati vuto langa lili pawiri. "Mafinya aja anaboola nembanemba ya m'khutu. Tiumitsa kaye ndi mankhwala, kenako madokotala angathe kuitseka ndi opaleshoni. Koma zam'kati zimene phokoso linawononga sizibwerera, achimwene. Pamenepo muvala kachipangizo kothandiza kumva." Anati mafinya akakana kuuma, palinso kena kodutsitsa mawu m'fupa la kuseri kwa khutu. Akulemba, anafunsa ngati kwathu kuli wina wogwira ntchito yaphokoso. Pomwepo ndinakumbukira hamala ya bambo.

Tsiku lomwelo ndinapita ku shedi. Ndinawapeza atafulatira msewu ngati kale, imvi zitachuluka. "Bambo!" Hamala inkangolira. Ulendo uno ndinazungulira n'kunjuta patsogolo pawo. Anaika hamala pansi, nandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe," anatero mokweza kwambiri, "unapita osanditsanzika."

Ndinalira ngati mwana, makasitomala akuona. Mawa lake tinakwera minibasi limodzi kupita kuchipatala chija, aliyense atalozetsa khutu lake labwinoko kwa mnzake.