Chisanu Chimene Anasudzula Agogo

Tsiku limenelo pakhonde panali amayi, atsibweni, mng'ono wa malemu agogo aakazi, aphunzitsi a ku mishoni amene anangopatuka kudzaona, agogo aamuna eni nkhani, ndi ine wa mamina m'mphuno. Panalinso bangwe. Ndikumuwerenga pamodzi ndi anthu chifukwa naye anayankhula: kathabwa kakuda ndi thukuta la m'manja, mawaya ake ochotsa ku mabuleki a njinga.

Ine sukulu ndinalekeza Sabu B, kalasi yachiwiri chabe, ndipo zilembozi ndikuchita kulimbana nazo. Koma mawu ndili nawo! Ndikakalipira mbuzi kuno, a ku Kaphuka amatuluka m'nyumba. Mawu amenewa anandikulitsira ndi agogo, m'chisanu chimodzi chokha.

Agogo anamenya nkhondo ya Ajeremani, ija akuluakulu ankaitcha Chiwaya. Anabwerako ndi jasi la mabatani amkuwa, khutu limodzi logontha, ndi nyimbo imodzi yaitali. M'nyimbomo ankaitana anzawo amene anatsala kutchire, mmodzimmodzi, monga amachitira sajeni pa perete. Akati “Jailosi!” pankafunika wina wovomera kuti “Ndilipo!” Zaka zonse wovomerayo anali agogo aakazi. Kaya ali pamtondo, kaya akusenda mbatatesi, ankavomera osacheuka n'komwe.

Agogo aakaziwo anamwalira chimanga chikuuma, m'zaka zija anthu ankakangana za Chitaganya. Kenako chisanu chinafika. Amene sanakulire kuno sachidziwa. Nkhungu inkatsika phiri la Dedza n'kumeza mitengo ya paini, udzu unkachita mbuu ngati authira ufa, ndipo mapazi athu ankang'aluka mpaka magazi. M'mawa agogo ankakhala poothera dzuwa atadzikulunga m'jasi, zala zouma zikukanda mawaya. Ankaitana dzina, n'kudikira. Zii. Ankaitana lina, n'kudikiranso. Nkhuku zokha.

Tsiku lina ndikudutsa ndi mbuzi ndinangoti chapansipansi, “Ndilipo.” Bangwe anaima. Agogo ananditembenuzira khutu labwino lija.

“Kweza mawu, iwe. Anthuwa ali kutali.”

Kuyambira pamenepo ntchito inali yanga. Ndinkakuwa mpaka kukhosi kuwawa, iwo n'kumaseka, n'kumandilowetsa m'jasi monunkha utsi ndi fodya. Dzina lililonse linali ndi kankhani kake. Uyu ankaopa achule kuposa zipolopolo, uyu anafa ndi m'mimba osawombera ngakhale kamodzi. Anzanga ankandinena kuti ndikucheza ndi mizimu. Ndinalibe nazo ntchito.

Tsono kwathu kuno mwamuna ndi mkamwini. Mudzi, munda ndi ana ndi za mkazi. Mkazi akamwalira, mukameta maliro, mwamunayo amamusudzula kuti azibwerera kwawo. Nkhalamba zambiri ankazisiya zikapempha. Koma munda wa mbatatesi umene agogo ankalima, mng'ono wa malemu uja ankaufunira mwana wake wongokwatiwa kumene. Ndinamva amayi akunyengerera agogo kuti, “Mungopempha basi, atate, palibe angakukanizeni.” Agogo anati, “Ndipemphe malo m'nyumba imene ndinafolera ndekha?” Lero ndikuona kuti kunali kuuma mutu. Koma nanenso ndikanayankha chimodzimodzi.

Ndiye linafika tsiku lija. Wonena mawu osudzula anayenera kukhala mwini mbumba, ndipo mwini mbumba anali atsibweni, mwana wa agogo wobereka okha. Anayankhula akuyang'ana zala zawo za kumapazi. Anati ukwati watha bwino, palibe mlandu, njira ya kwanu ndi yoyera. Agogo anapendeketsa mutu.

“Kweza mawu, iwe.”

Atsibweni anabwereza, mokweza, mudzi wonse ukumva. Aphunzitsi anayamba kupukuta magalasi awo amene anali oyera kale.

Agogo anatola bangwe. Ine ndinasangalala, poti aphunzitsi amene ankandikwapula chifukwa cha masamu lero amva chimene ndimatha. Ndinaimirira, chifuwa patsogolo, n'kuvomera dzina lililonse mpaka agalu kuuwa. Mayina atatha, bangwe sanaleke. Agogo anaitana dzina lina limene ndinali ndisanalimvepo. Nditati nditsegule pakamwa, ananditseka ndi chikhatho chozizira, maso ali pa atsibweni. Analiitananso. Atsibweni anatola kamtengo n'kumakanda pansi. Amayi anadziphimba ndi nsalu. Ine ndinangokwiya kuti andilanda dzina limodzi. Ndinadzadziwa ndili ndi ndevu kale kuti dzina lija linali la agogo aamuna eniakewo.

M'mawa mwake ndinawanyamulira jasi mpaka kumsewu wolowera ku Linthipe. Ndinkayenda ngati msilikali, likukwekwereza pansi. Amayi anali atandiuza kuti agogo akupita kwawo ku Linthipeko, ndipo ine ndinkadziwa kuti kwawo kwa munthu ndi kwabwino. Sindinkadziwa kuti anachokako ali mnyamata, kuti alongo awo onse anali kumanda, kuti akukafikira kwa adzukulu ongowamvera mbiri. Anavala jasi, anakoleka bangwe paphewa, anandigwira pamutu. Nkhungu inawameza asanafike pokhota. Ndinabwerera ndikuimba mluzu. Uthenga wa imfa yawo unatipeza maliro ataikidwa kale, dzinja lachiwiri.

Nkhaniyi ndaifotokoza pa mowa kambirimbiri, ndipo nthawi zonse ndimathera pa agalu kuuwa, anthu n'kuseka. Mwezi wathawu, titameta maliro a mkazi wanga, ndinamufotokozera mwana wanga wamwamuna yonse, tili awiri pakhonde la nyumba imene ndinafolera ndekha. Iye sanaseke. Anangofunsa kuti:

“Ndiye ku Linthipeko, bambo, ankawavomera ndani?”