Ngongole ya Nyumba ya Abambo ku Chonde

Mundikhululukire kuti ndalimba mtima kulemba izi. Sukulu yanga inali yakumudzi, ndipo kwathu mwana wamkazi sakamba za akuluakulu pagulu. Koma nkhaniyi yandilemera nthawi yaitali.

Abambo anagwira ntchito pa esiteti ya tiyi kuyambira ndisanabadwe, poyamba yothyola masamba, kenako ya ukapitawo. Tinakulira m'nyumba ya kampani. Amayi atamwalira tinakawaika kumudzi kwawo, kufupi ndi Likhubula, ndipo pambuyo pake abambo anasudzulidwa mwamwambo. Panalibe chidani. Mkazi akamwalira, mkamwini sakhalanso ndi pake pamudzi. Kwawo kwenikweni anachokako ali mnyamata, ndipo minda inagawidwa kalekale kwa ana a alongo awo. Choncho nthawi yopuma pa ntchito itayandikira, analibe kolowera.

Anapeza kanyumba kogulitsa ku Chonde, ka zipinda ziwiri, kuseri kwa msika. Ndalama zawo zinali zosakwana, ndiye tinayamba kuyendera kubanki. Ulendo uliwonse pankasowa kenakake. Lero pepala la malo, mawa chidindo cha kuntchito. Abambo ankavala jekete lawo la kutchalitchi n'kukhala pabenchi, chipewa chili pabondo, mpaka miyendo kuchita dzanzi. Pomaliza mnyamata wa kubankiyo anati:

“Madala, vuto ndi zaka zanu. Ngongole ya nyumba imabwezedwa nthawi yaitali, inu mwatsala pang'ono kupuma. Mulibe mwana amene ali pantchito kuti musainire limodzi?”

Abambo sanandiyang'ane. Ine ndinali nditangoyamba kumene uphunzitsi.

Mu minibasi pobwerera abambo anati, “Usadzivutitse, mwanangu. Ndikachita lendi.”

“Ndi penshoni imeneyo, ababa?”



Sindikanasaina osauza amalume, mlongo wawo wa amayi, amene amayang'anira mbumba yathu. Ndinawapeza akupalira nanazi. Ndinagwada m'mphepete mwa munda n'kufotokoza zonse.

“Ndiye malipiro ako azikagulira nyumba mkamwini?” anatero, atatsamira khasu. “Malo a mayi ako ali apo, udzu wafika m'chiuno. Ndikusungira ndani? Denga lako tikuliyembekezera pano, osati ku Chonde.”

“Ndi abambo anga, amalume.”

“Wakana ndani? Alamu ndi munthu wabwino, sitinayambanepo. Koma ali ndi alongo awo. Akadzatisiya, abale awo sadzabwera ndi loko watsopano? Iwe udzatsala ndi ngongole yokha.”

Ndinayankha kuti ndamva. Ndi mmene ndinaleredwera. Kwa amalume ndinkati ndamva, kwa abambo ndinkati zitheka, kubanki ndinkati ndibweranso. Ndinkafika m'kalasi nditatoperatu, ana n'kumandikumbutsa pamene tinalekezera dzulo lake.

Loweruka lina ndinapeza abambo akulongedza mbale m'makatoni. Mnzawo wina, mlonda, anali atawalonjeza kachipinda kamene ankasungiramo makala. Anandiuza akuseka kuti akakatsuka bwino makoma kadzayera. Ndinawathandiza kumanga makatoniwo, koma m'mawa mwake nditachoka kutchalitchi ndinapitanso kumudzi.

“Amalume, ndisaina.”

Amalume anati, “Chabwino. Koma malo sangadikire munthu wa ngongole. Mchemwali wako, mwana wa mayi ako aang'ono, njerwa anaotcha kale. Ndimupatsa iyeyo.”

Sanakalipe. Anandithyolera nanazi awiri kuti ndikawapatse alamu awo, n'kundiperekeza mpaka pamsewu.

Tinasaina, ndipo nyumba inalembedwa m'maina athu tonse awiri. Mwezi uliwonse banki imayamba yadula yake ndisanaone malipiro, ndipo zotsalazo zimatha mwezi uli pakati. Abambo amagulitsa matumba a simenti otha ntchito pakhonde kuti apeze ya sopo, ndipo akandiona amandithokoza mpaka ndimachita manyazi. Za malo a amayi sindinawauze, anazimva kwa anthu. Sitinakambiranepo.

Kumudzi ndimapitabe pamaliro ndi paukwati. Amandilandira bwino, amandiyalira mphasa m'nyumba ya mayi aang'ono ngati mlendo. Pamalo paja maziko anakumbidwa kale, ndipo ndikamadutsapo ndimapereka moni kwa amisiri.

Katundu wa abambo tinamusamutsira ku Chonde pa lole ya munthu wogulitsa nthochi, mvula ikuwaza, pa 24 Disembala chaka chathachi.