Maondo a Amuna Anga

Foni inalira ndikungofika kumene kuchokera kuchipatala, yunifomu ili m'thupi. Anali mayi wina wa mumpingo wathu wa Amalawi kuno ku South Bend, munthu woti nkhani sigona m'kamwa mwake.

"Amayi, limbani mtima. Mlamu wanga waona amuna anu ku Lawrence atagwadira fano la Buda. Maondo onse awiri!"

Amuna anga? Mkulu wa mpingo, munthu amene ankandidzutsa m'mawa uliwonse akakhala pakhomo kuti tigwade pambali pa bedi? Masiku amenewo, a mafoni opinda aja, ankagwira ntchito ya zomangamanga ku Indianapolis, kufupi ndi ku Lawrence komweko, n'kumabwera kunyumba Lachisanu. Ine wake kudikira Lachisanu? M'mawa mwake ndinadraiva, njira yonse ndikulalata ndekha m'galimoto.

Ndinawapeza kuseri kwa kachisi wa anthu a ku Vietnam. Pabwalo panali chiboliboli cha simenti, chachitali kuposa munthu, chitakhala mopinda miyendo. Patsinde pake, si awo bambo a ana anga, maondo pansi, mutu atazolika. Mayo ine!

"Bambo! Mwapenga?"

Anacheuka, m'manja muli burashi.

"Aa, mwabwera? Tandipatsirani chitini icho."

Chitini! Ine mtima uli m'mwamba, iwo akuti chitini. Anandikoka dzanja n'kundionetsa timing'alu tating'ono ngati ta kuchidendene.

"Madzi akalowa umu, n'kuundana nthawi yachisanu, amatupa, simenti n'kusweka. Abwana andituma ndimate chisanu chisanafike."

Ndere anali atapala kale, chibolibolicho n'kuchiumitsa. Tsopano ankamata ming'alu n'kupaka mankhwala oletsa madzi kulowa.

"Madzi amadikha pansi pano, mayi. Ndiye ndimate ndili chilili?"

Posakhalitsa mvula inayamba kuwaza, mankhwala asanaume. Nkhalamba ina ya pakachisipo, yometa mpala, inatulukira ikukoka lona, mphepo n'kumailanda. Sindinaganize kawiri. Ndinagwira ngodya imodzi, n'kugwada m'matope kuti ndiipsinje ndi njerwa. Ndinabwerera ku South Bend ndikuseka, ndikuti nkhani yatha.

Kutha kuti? Lamlungu, mapemphero atatha, akuluakulu a mpingo anatitsalitsa. Amuna anga anayamba kufotokoza za ming'alu, koma wapampando anawadula pakamwa.

"Za simentizo n'zanu, abale. Ife tingomva chimodzi. Munagwada kapena simunagwade?"

"Ndinagwada."

"Basitu."

Ndinadzambatuka. "Nanenso ndinagwada! Siketi yamatope ili kunyumba, ndikaitenge? Inu mukamasintha tayala mumakhala mukupembedza galimoto?"

Anangoti amayi khalani pansi. Tsiku lomwelo anawatsitsa amuna anga paukulu wa mpingo. Sindinakhulupirire. Anthu oti amuna anga anawachingamira pabwalo la ndege, kuwagoneka pabalaza pathu, kuwaphunzitsa kuyendetsa galimoto pa sinowo! Palibe ndi mmodzi yemwe amene anawaikira kumbuyo. Ndinapsa mtima, koma bambowo anangotola Baibulo lawo.

Lamlungu lotsatira tinakhala kumbuyo. Wotsogolera atati tiyeni tigwade tipemphere, ndinaona makosi akupotokera kwa ife, kufuna kuona maondo aja. Ine ndinagwada. Nditaona kuti amuna anga sakutsika, ndinawakoka buluku. Sanasunthe. Anakhala chikhalire, maso ali gwa kutsogolo.

Ndinkati n'zatsiku limodzi. M'mawa mwake sanandidzutse. Ndinatsika pabedi ndekha, n'kuwagwedeza phewa.

"Pempherani, mayi, ndikumva," anatero, atakhala m'mphepete mwa bedi.

Chisanu chinabwera choopsa chaka chimenecho, ndipo amuna anga anandiuza kuti chiboliboli chija sichinang'aluke. Kutchalitchi amapitabe, nyimbo amaimba, chakudya amadalitsa. Koma mpaka lero, pambali pa bedi paja ndimagwada ndekha.