Lumo pa Sipika ya Kwaya

Linali phokoso longa la malata akung'ambika ndi mphepo, koma lili ndi nyimbo mkati mwake. Linkachokera mu lole yomwe inabwera kudzanyamula mbatata ya kachewere ku Kaphuka. Ndinaima ndi thumba pamutu mpaka dalaivala anandikalipira. Nditamufunsa chomwe chinkalira, anati ndi gitala, nyimbo zake amati roko.

Gitala ndinkaidziwa. Makolo anga atamwalira ndinakulira kwa agogo, ndipo malume, omwe ankatsogolera kwaya kutchalitchi, ndiwo anandiphunzitsa kuiimba. Makiyi a chipinda cha zida ankasunga ndine. Koma gitala yathu inkalira mwamanyazi, ngati mkamwini watsopano.

Masabata atatu ndinalimbana ndi ampu ya kwaya, bokosi lokuzira mawu a gitala. Pa timabatani take, ka geni ndinapotoza mpaka kumapeto, besi ndinatsitsa pa folo, mido ndinakweza, tulebo pa seveni. Batire ikakhala yodzaza, ampuyo inkayamba kukalipa, koma kung'ambika kuja kunalibe. Sindinkadziwa kuti kuli kabokosi kopondera ndi phazi kamene kamachita zimenezo. Chomwe ndinaona ndi maso n'chakuti sipika ya mu lole ija inali yobooka. Loweruka masana ndinatenga lumo la agogo n'kucheka pepala la sipika katatu, ngati potema mphini.

Ndinamenya nsambo ziwiri zazikulu. Mawindo ananjenjemera. Linali phokoso lomwe lija! Ndinaseka ndekhandekha.

Lamulungu gitala anaigwira ndi malume. Atangoyamba nyimbo yotsegulira, ampu inabangula, makanda n'kuyamba kulira kumbuyo kwa amayi awo. Malume anandiyang'ana kamodzi kokha. Sanadikire kuti mapemphero athe. Anazula chingwe cha gitala n'kundikokera kuseri kwa tchalitchi.

"Kukhala duu konseku umakhala ukuphika zimenezi? Bweretsa dzanja!"

"Malume, ndimafuna kuti..."

"Lamanzere! Lokanikizira nsambolo!"

Analipanikiza pamwala ndi nsapato n'kuyamba kulikwapula ndi chingwe chija. Chitsulo cha kunsonga kwa chingwecho chinang'amba khungu, magazi n'kudonthera pa malaya anga oyera. Atakanikiza ndi chidendene ndinamva chala chapakati chikuthyoka. Sindinakuwe. Ndinkangoyang'ana zala zotsalazo, kudzifunsa ngati zingakwane kuimbira gitala.

Agogo anatulukira ndi chikuni cha kukhitchini ya abusa. Anawakwapula nacho malume pamsana, kenaka pakhutu.

"Ukundiphera mwana chifukwa cha wailesi? Bokosilo linakuyamwitsa?"

"Amayi, ndi katundu wa mpingo!"

"Mpingowo uzidzandilimira mbatata? Chotsa phazi, galu iwe!"

Malume atasuntha, agogo anandidzutsa ndi kolala, nanenso n'kundipatsa mbama.

"Nawenso chitsiru. Lumo langa ndi lometera."

Kuchipatala anamanga chalacho ndi kathabwa. Chinapola chokhota, ndipo mpaka lero sichipindika bwino kukazizira. Masiku amenewo ndinkakhala pakhonde, kuyesa kukanikiza nsambo zosaoneka pa mpini wa khasu ndi zala zitatu. Zinkatheka, ngakhale movutikira.

Tsiku lina m'mawa malume anafika panjinga, khutu lidakali ndi pulasitala. Agogo sanawapatse mpando.

"Za kwaya uiwale. Mu ampu taikamo sipika ina," anatero, maso ali kumbali. "Iyi palibe angaifune. Uzikabangulira nayo anyani ku Chongoni."

Anamasula sipika yong'ambikayo pakaliyala, n'kuiika m'manja mwanga. Inali yolemera kuposa momwe ndinkaganizira. Anakwera njinga n'kutsetsereka kulowera kudambo.